Phunziro: Madzi Amene Amadya Chigoba cha Nkhono

Ena mwa ife timasunga mbuna m'mathanki agalasi, ndipo timaikamo nkhono kuti zizidya ndere. Pakapita miyezi nsonga ya chigoba imayera, n'kuyamba timaenje, mapeto ake nkhono imafa. Timathamangira kunena kuti ndi matenda, chonsecho vuto limakhala madzi.

Nkhono imamanga chigoba chake ndi kashiamu, yemwenso amalimbitsa chigoba cha dzira. Madzi a m'Nyanja ya Malawi ali naye, ndipo pa muyeso wa pH amakhala pafupifupi 8. Madzi amvula amene timakonda kutchera chifukwa choyera alibe kashiamu, ndipo pH yake ndi pafupifupi 5.6. Madzi akatsika pa 7 amasungunula chigoba pang'onopang'ono.

Choncho sabata iliyonse tizichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, n'kuthiramo a m'nyanja. Ayambe akhala mu ndowa masiku awiri kuti tizirombo ta likodzo tife. Zigoba za mazira zowiritsa, zosinja, tizimange m'kansalu n'kuziika pansi pa thanki. Pomwe padyeka kale sipabwerera. Tiziyang'ana kukamwa kwa chigoba ngati pakumera chatsopano chosalala.

Amakomiti, ana asatumidwe kukatola nkhono m'mabango. Zina mwa nkhono za kumeneko ndi zimene zimafalitsa likodzo.