Botolo Lopatsa Thanzi Limene Linathothola Tsitsi

M'chaka cha 2008, anthu 201 a m'zigawo khumi za dziko la America anadwala mofanana. Ankatsegula m'mimba, kufooka ndi kuphwanya m'mfundo. Kenaka tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, zikhadabo n'kusintha mtundu ndi kuthetheka. Onsewo ankamwa mankhwala amadzi owonjezera michere m'thupi, odzigulira okha pofuna thanzi. Akatswiri atayeza mankhwalawo anapeza kuti mchere wotchedwa selenium unali wochuluka pafupifupi ka 200 kuposa mlingo wolembedwa pabotolo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti selenium ndi wofunikadi, koma thupi limamulandira mwadongosolo lokhwima. Selo ikamapanga puloteni imawerenga uthenga wotchedwa mRNA, zilembo zitatuzitatu. Ikafika pa zilembo za UGA, kawirikawiri imalekeza pomwepo. Koma mauthenga ena ali ndi kachigawo kopindika chakumapeto, kotchedwa SECIS. Kameneka kamachititsa selo kuti isalekeze, m'malo mwake iike selenocysteine, kanjerwa ka puloteni konyamula selenium, n'kupitiriza ntchito. Kanjerwaka sikakhala kongosungidwa. Kamapangidwira pa chonyamulira chakechake chotchedwa tRNA, chomwe chimakafikitsa pamalo pake penipeni.

Mwa munthu muli mitundu 25 yokha ya mapuloteni omangidwa motere. Ena, monga glutathione peroxidase, amateteza maselo kuti asawonongeke. Ena amadzutsa mahomoni a chithokomiro. Mapuloteniwa akakwanira, selenium wowonjezera sawapatsanso mphamvu. Thupi limalimbana naye pomutaya mumkodzo ndi mumpweya, mpaka m'kamwa kumanunkha ngati adyo. Likalephera, kuvulala kumayamba. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 55 patsiku, ndipo madokotala a ku America amachenjeza kuti asapyole 400.

Dziko la China linaona mbali zonse ziwiri. Ku Keshan, kumene nthaka ilibe selenium wokwanira, matenda a mtima anapha ana ndi amayi ambiri. Ku Enshi, kumene wachuluka, anthu anathothoka tsitsi ndi zikhadabo m'zaka za m'ma 1960.

Ife Amalawi nkhaniyi ikutikhudza. Nthaka ya m'madera ambiri a dziko lino sipereka selenium wokwanira ku chimanga, choncho ambiri timaperewera. Apa ndi pamene wogulitsa mapiritsi amapezera polowera: amatchula vuto loona, n'kukugulitsa botolo limene sungathe kudziwa mlingo wake weniweni. Dziko la Finland litapeza vuto lomweli, mu 1984 linasankha kuika selenium woyezedwa bwino mu feteleza, kuti afike kwa anthu kudzera m'chakudya.

Zikachuluka sizidyeka. Usipa, matemba, mazira ndi nyama zili ndi selenium, ndipo n'kovuta kupyola nazo muyeso. Musamwe mankhwala owonjezera michere chifukwa mnzanu wawayamikira pa WhatsApp. Yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo ngati mukumwa kale, tsitsi n'kuyamba kusosoka, siyani lero, mutenge botololo mukawaonetse adokotala.