Kupeza Anzanu Osewera Nawo Nthano za pa Tebulo Muli Kunja

M'madera ambiri a ku Britain, mwezi wa December, dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Munthu umaweruka ku ntchito, n'kudya, n'kuimba foni kumudzi, kenaka zii. Amalawi anzathu timaonana nawo ku tchalitchi, pa ukwati, pa maliro ndi pa 6 July, koma masabata apakatiwa amatalika. Eni dziko nawo sachezerana ngati kwathu, kumene umangoti "odi" n'kupatsidwa mpando. Kuno kucheza kumafuna chifukwa, tsiku ndi ola lake. Chifukwa chimodzi chimene ambiri a ife timangochilambalala ndi masewera a nthano za pa tebulo, ndipo otchuka kwambiri mwa iwo ndi Dungeons & Dragons.

Amaseweredwa bwanji?

Amene anakula akumva nthano za agogo sangavutike. Anthu anayi, asanu kapena asanu ndi mmodzi amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi ndiye wosimba, ndipo amamutchula kuti Dungeon Master kapena Game Master. Iye amanena kumene muli, amene mwakumana nawo ndi zimene zikuchitika. Koma enawo sangoyankha "tili tonse". Aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, kaya msilikali, mlenje, wakuba kapena sing'anga, ndipo amamulankhulira ndi kumusankhira zochita.

Tinene kuti wosimba wati, "Mwafika pa mlatho, mlonda akukana kuti muwoloke." Mnzanu akufuna kuzembera kunsi kwa mlatho, inu mwati mumunyengerera mlondayo. Mukuponya dayisi ya mbali 20. Yatuluka 3. Tebulo lonse lafa ndi kuseka, chifukwa mlonda uja wakwiya ndipo akuitana anzake. Ikanatuluka 18 bwenzi atakutsegulirani njira. Nthano imapita kumene zosankha zanu ndi dayisi zailozera, ndipo ngakhale wosimbayo sadziwa mathero ake. Palibe wogonjetsa mnzake, nonse muli mbali imodzi. Ndalama sabetcha, choncho si njuga.

Dungeons & Dragons inatuluka mu 1974 ku America, ndipo anaiyambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Lero ili m'manja mwa kampani ya Wizards of the Coast. Malamulo amene magulu ambiri amatsata ndi a 2014, omwe anakonzedwanso mu 2024. Alipo masewera ena ambiri, monga Pathfinder ya 2009 ndi Call of Cthulhu ya 1981, yomwe ndi ya nthano zoopsa ndi zofufuza.

Nkhani ina tisaibise. M'zaka za m'ma 1980 ku America kunabuka mphekesera yakuti masewerawa ndi ausatana, ndipo Mmalawi aliyense amadziwa kulemera kwa mawu amenewo. Pa tebulo mupezapo mapepala, mapensulo, madayisi ndi zokhwasula. M'nthanomo muli amatsenga ndi zilombo, monga momwe m'nthano zathu muli mfiti ndi zimphona. Ngati chikumbumtima chanu sichigwirizana nazo, musadzikakamize. Funsani za masewera a maulendo a mlengalenga monga Traveller, kapena a apolisi ofufuza milandu.

Yambirani ku sitolo

Pafupifupi mzinda waukulu uliwonse ku Britain, Ireland, America ndi South Africa uli ndi sitolo yogulitsa masewera a pa tebulo, ndipo zambiri zili ndi matebulo kuseri osewererapo madzulo. Lowani, muuzeni wogulitsayo kuti simunasewerepo ndipo mukufuna gulu lolandira oyamba kumene. Safunsa anadya phula. Munthu ameneyo amadziwa gulu limene likusowa munthu mmodzi, ndiponso limene ladzadza. Yang'ananinso pa khoma pafupi ndi khomo, pamene anthu amamata timapepala toitana osewera.

Ku sitoloko funsani za Adventurers League, kapena Pathfinder Society ngati amasewera Pathfinder. Awa ndi masewera okonzedwa kuti munthu angobwera tsiku limene wapeza mpata, ngakhale sakudziwa aliyense. Kwa ife ogwira ntchito za mashifiti, m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mafakitale, njira imeneyi ndiyo yabwino koposa, chifukwa ukajomba sabata imodzi sulakwira munthu.

Malo ena ndi malaibulale a mzinda, makafe a masewera ndi zipinda zapamwamba za mapabu. Ngati muli pa yunivesite, fufuzani pa mndandanda wa magulu a ophunzira, chifukwa kawirikawiri gulu la masewerawa silisowa.

Intaneti ikuthandizeni kupeza khomo

Pa Facebook kapena pa Meetup lembani dzina la mzinda wanu pamodzi ndi D&D kapena RPG, zilembo zoimira masewera a mtunduwu. Magulu ambiri amakambirana pa Discord. Mukaona zilembo LFG, dziwani kuti wina akufuna gulu kapena gulu likufuna munthu. Onetsetsani kuti alemba zoti amakumana pamaso ndi pamaso, chifukwa ambiri amasewerera pa kompyuta, pamene inu mukufuna kutuluka m'nyumba. Polemba uthenga wanu nenani dera limene mumakhala, masiku amene mumapezeka, ngati mumayenda pa basi kapena pa galimoto, ndiponso kuti ndinu watsopano. Adiresi ya nyumba musaike.

Palinso misonkhano ya chaka ndi chaka: UK Games Expo ku Birmingham, Dragonmeet ku London, Gaelcon ku Dublin, Gen Con ku Indianapolis ndi Comic Con Africa ku Johannesburg. Kumeneko mukhoza kulawa masewera awiri atatu tsiku limodzi, n'kufunsa anzanu a pa tebulo kumene amasewera masiku onse.

Funsani musanalonjeze

Mawu awiri muwadziwe. One-shot ndi nthano yothera tsiku lomwelo, pa maola atatu kapena anayi. Campaign ndi nthano yopitirira miyezi ngakhale zaka, anthu omwewo akukumana sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri. Yambani ndi yoyambayo. Musanalowe yachiwiriyo funsani tsiku, ola loyamba ndi lomalizira, ndipo onani ngati basi yomaliza muipeza. Funsaninso za malipiro: masitolo ena amalipiritsa pang'ono pa mpando, ndipo osimba ena amatenga kusimbako ngati ntchito yolipidwa.

Musathamangire kugula mabuku. Malamulo oyambira a Dungeons & Dragons amapezeka kwaulere pa webusaiti ya D&D Beyond, ndipo tsiku loyamba wina adzakubwerekani madayisi ndi pepala la munthu wa m'nthano wokonzedwa kale. Mukadzawakonda masewerawo, gulani paketi ya madayisi 7, imakwanira.

Magulu ambiri okhazikika amasewerera kunyumba kwa mmodzi wa iwo. Anthu amene mwawapeza pa intaneti yambani mwakumana nawo pa malo a anthu ambiri, ndipo tsiku lopita kunyumbako muuzeni m'bale wanu kumene muli ndi nthawi yobwerera.

Mukakhala pa tebulo

Chimene chimapha magulu ambiri ndi kujomba. Anthu asanu apatula madzulo awo, wosimba watha maola akukonzekera, ndiye wina afike patapita ola lathunthu kapena asabwere osanena. Nthawi yathu ija ya "ndili m'njira" munthu ali m'bafa isiyeni. Shifiti ikasintha, tumizani uthenga tsiku lomwelo. Amene amafika pa nthawi amaitanidwanso, ngakhale malamulo sakuwadziwa bwino.

Za Chingerezi musade nkhawa. Mnzanu wa ku Glasgow kapena Newcastle akalankhula mothamanga, mupempheni abwereze. Simufunika kusintha mawu ngati wa zisudzo. Kungonena kuti "munthu wanga akutsegula chitseko mosamala" n'kokwanira. Perekani mpata kwa anzanu, foni ikhale m'thumba, ndipo tsiku lina tengani mandasi kapena zitumbuwa. Anthu amakumbukira amene anawadyetsa.

Magulu abwino amayamba ndi mkumano wotchedwa session zero, wogwirizana za mtundu wa nthano ndi zinthu zosafunika kutchulidwa. Ngati simufuna nkhani za ukapolo, kugwirira kapena kunyoza chipembedzo, nenani pamenepo. Ena amaika pakati pa tebulo khadi lolembedwa X, loti munthu akaligwira nkhaniyo imasinthidwa popanda kumufunsa chifukwa. Mukapeza gulu limene nthabwala zake n'zokhudza khungu lanu kapena kalankhulidwe kanu, tsanzikani mwaulemu, mukayese kwina. Tebulo limodzi loipa lisakuletseni kufunafuna lina.

Likasowa, yambitsani lanu

Ngati mumakhala m'tauni yaing'ono, anthu atatu ndi wosimba mmodzi ndi gulu kale. Gulani bokosi la oyamba kumene, pemphani chipinda ku laibulale, itanani mnzanu wa ku ntchito ndi achinyamata athu obadwira kuno. Apa Mmalawi ali ndi chuma chimene anzake alibe. Osewera ambiri anatopa ndi nyumba za mafumu a ku Ulaya, koma sanakwerepo Sapitwa, sanamvepo za Napolo akutsika phiri ndi madzi, sanapusitsidwepo ndi Kalulu. Ana anu amene amayankha m'Chingerezi mukawalankhula Chichewa adzafunsa okha kuti Napolo ndani.

Sabata ino fufuzani sitolo imene ili pafupi nanu, mufunse tsiku la oyamba kumene, ndipo mulilembe pa kalendala pambali pa mashifiti anu. Tsikulo likafika tengani pensulo, mufike kusanayambike.