Thovu la m'munda wa mpunga

Kodi munapondapo matope m'munda wa mpunga ku Domasi, kapena m'dambo la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa? Mukaponda, pamatuluka thovu, phwi phwi phwi. Thovu limeneli ndi mpweya. Dzina lake ndi methane. Umayaka ukauyandikiza ku moto.

Mpweya umenewu umachokera kuti? Pansi pa madzi pali udzu ndi mapesi zimene zikuola. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zoolazo ndi kutulutsa methane. Timakonda malo amene mphepo sifika. Tiliponso m'mimba mwa ng'ombe ndi mbuzi. Inu a ku Balaka amene muli ndi khola, ng'ombe yanu ikamageya, ikutulutsa mpweya womwewu.

Vuto lake ndi ili. Methane akakwera kumwamba amasunga kutentha, monga bulangete limachitira. Pa zaka 100, kilogalamu imodzi ya methane imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 28 a mpweya wotuluka poyaka makala. Dziko likatentha, mvula imasokonekera. Mukukumbukira m'mene nyanja ya Chilwa inaphwera mu 1995 ndi mu 2018, asodzi nasowa pogwira.

Nanga chinthu chosaoneka angachiyeze bwanji? Akatswiri amatenga bokosi lopanda pansi. Amalivundikira pa mapando angapo a mpunga, m'madzi momwemo. Mpweya wochokera m'matope umadzazana m'bokosimo. Pakapita mphindi khumi amakoka pang'ono ndi jakisoni, natsekera m'kabotolo. Amatero katatu kapena kanayi. Timabotolo timeneti amakatipima pa makina. Ndi ntchito yotopetsa ndithu, chifukwa amabwerako sabata ndi sabata mpaka kukolola.

Sangavundikire munda wonse ayi. Tsono amachita masamu. Inunso mumatero: mukamweta ndime imodzi ndi kupeza thumba limodzi, mumadziwa matumba a munda wonse. Koma akatswiri amaonjezapo zina, monga mtundu wa dothi, kutentha kwake, ndi masiku amene madzi anakhala m'munda. Masiku ano amayezanso ali kumwamba. Mu 2017 maiko a ku Ulaya anatumiza m'mlengalenga chombo chotchedwa Sentinel-5P, chimene chimaona kumene methane wachuluka.

Kuyezaku kunaonetsa chinthu chokhudza inu alimi. Akatswiri a mpunga a bungwe la IRRI ku Philippines anapeza kuti munda ukamauma pang'ono nthawi ndi nthawi, methane amachepa pafupifupi ndi theka. Madzi amapulumuka, ndipo mpunga umabereka chimodzimodzi.

Amachita chotere. Amazika paipi yoboolaboola m'munda, nachotsa dothi la m'kati mwake. Madzi akaphwa pamwamba sathamangira kuthirira. Amasuzumira m'paipimo. Madzi akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka, ndi pamene amatsegula ngalande. Koma chenjerani! Mpunga ukamatulutsa ngala ndi kuchita maluwa, madzi asachoke m'munda. Mukaumitsa nthawi imeneyo mudzakolola mphwepwa. Njirayi ndi ya minda yothirira, kumene mungathe kutsegula ndi kutseka madzi. Musanaiyese, kambiranani ndi alangizi a zaulimi ndiponso anzanu a ngalande imodzi.

Mafunso

1. Kodi thovu la m'matope ndi chiyani?
2. Akatswiri amaliyeza bwanji?
3. Ndi nthawi iti imene simuyenera kuumitsa munda wa mpunga?