PHUNZIRO: NTHAWI YA DZUWA NDI NTHAWI YA WOTCHI

Tiwerenge: Marko 5:21-43, Mateyu 20:1-16

Amayi anzathu mwa Ambuye, tikapangana kuti tikumane dzuwa likapendeka, wina amafika 1 koloko, wina 3 koloko, ndipo palibe wanama. Makolo athu ankadziwa nthawi ndi zochitika: tambala woyamba, dzuwa lili paliwombo, ng'ombe zikamalowa m'khola. Wansembe wa Anglican wa ku Kenya, John Mbiti, analemba mu 1969 kuti m'miyambo yathu nthawi imayezedwa ndi zimene zikuchitika, osati ndi manambala. Timaziona pamaliro. Mwambo umayamba mwini mbumba akafika, wotchi inene zake.

Ngakhale kawerengedwe ka maola kamasiyana. Olankhula Chiswahili ku Tanzania amayambira pa kutuluka kwa dzuwa, motero 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Ayuda a m'nthawi ya Yesu ankateronso. Antchito amene analembedwa m'munda wamphesa pa ola la 11 anayamba cha m'ma 5 koloko madzulo, n'chifukwa chake anzawo anang'ung'udza.

Taonani Yairo. Mwana wake ali kayakaya, koma Yesu akuima panjira chifukwa cha mayi amene anataya magazi zaka 12. Ife amene tinagwirako ntchito kuchipatala tikanamukoka dzanja kuti afulumire! Ambuye sanamuone mayiyo ngati wowachedwetsa. Choncho tisanyoze mwambo wathu woima n'kulonjerana bwinobwino, ngakhale ana athu okhala ku Britain amati kumeneko sufika pakhomo pa munthu usanapangane naye tsiku ndi ola.

Koma thupi la munthu silidziwa ulemu umenewu. Mankhwala a malungo a LA, amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2007, amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo kumwa kwachiwiri kumachitika patapita maola 8 chimwereni koyamba. Ma ARV nawo amafuna ola lomwelomwelo tsiku lililonse. Kudumphadumpha kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala. Choopsa kwambiri ndi mayi amene akutaya magazi atangochira: angathe kutisiya m'maola awiri okha. Pamenepo kudikira kuti bambo abwere kudimba kapena apongozi avomereze si ulemu ayi. Nyamukani naye, enawo akupezani kuchipatala.

Palinso misonkhano yathu yomweyi. Mayi amene wasiya ganyu kapena geni yake kuti afike 2 koloko, n'kukhala pansi pa mtengo mpaka 4 koloko, wataya ndiwo za ana ake. Kawirikawiri ochedwawo ndife atsogoleri, poti tikudziwa kuti sangayambe popanda ife.

Zokambirana m'magulu:
1. Ndi zinthu ziti m'parishi mwathu zoyenera kudikira anthu, nanga ndi ziti zosayenera kudikira aliyense?
2. Wodwala amene alibe wotchi kapena foni tingamuthandize bwanji kusunga ola la mankhwala? Belu la kusukulu kapena pulogalamu ya pa wailesi zingathandize?
3. Mayi akadwala mwakayakaya usiku m'mudzi mwanu, ndani ali ndi njinga kapena galimoto, ndipo mungamupeze bwanji?