Wodwala Akati "Ndatopa," Tiyankhe Chiyani?

Ambirife tinachezerapo wodwala usiku wonse. Mwina anali agogo, mwina mayi aang'ono amene anabwezedwa kumudzi atauzidwa kuti khansa yafalikira. Pakati pa usiku, nyumba ili zii, timamva mawu otsika akuti, "Ana anga, ndatopa, bola ndingopita." Ena mwa ife tidzakhala anamwino, ena abusa ndi aphunzitsi, ndipo mawu amenewa tidzawamvanso. Kodi Mkhristu ayankhe chiyani?

Zimene mafilimu amationetsa

Mu 2011 munatuluka mafilimu awiri a nkhani zenizeni pa mutuwu. Yoyamba, How to Die in Oregon, yojambulidwa ndi Peter Richardson, imatsatira mayi Cody Curtis, odwala khansa ya chiwindi, mpaka tsiku limene anamwa mankhwala othetsa moyo. Ku Oregon, m'dziko la America, lamulo lolola zimenezi linayamba kugwira ntchito mu 1997. Mu yachiwiri, ya BBC, mlembi Terry Pratchett anaperekeza bambo wina ku bungwe la Dignitas ku Switzerland, ndipo kamera inajambula imfa yake.

Mafilimuwa amagwetsa misozi, ndipo anthu ali m'menemo si oti tiwanyoze. Komabe tikumbukire kuti wojambula amasankha yekha choti tione. Malipoti a boma la Oregon amasonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri opempha imfa sayamba kutchula ululu. Amatchula kulephera kudzichitira zinthu okha ndi kutha kwa ulemu wawo, ndipo ambiri amaopanso kukhala mtolo kwa abale. Zimenezi ndi zosowa zomwe anthu anzawo angathe kuzisamalira.

Zimene Malemba ndi mpingo akunena

Werengani 2 Samueli 1:1-16. Mwamaleki anauza Davide kuti anatsiriza Sauli wovulala chifukwa Sauliyo anapempha yekha. Davide sanachione ngati chifundo. Werenganinso Eksodo 20:13 ndi Genesis 9:5, 6. Moyo tinapatsidwa, ndipo mwini wake ndi Mulungu.

Mu Okutobala 1992, General Conference ya mpingo wathu inavomereza chikalata chonena za chisamaliro cha anthu otsala pang'ono kumwalira. Chikalatachi chimakana kupha wodwala m'dzina la chifundo ndiponso kumuthandiza kudzipha. Malamulo a Malawi nawonso amaletsa zimenezi. Koma chikalatachi sichitikakamiza kupitiriza chithandizo chimene chikungotalikitsa kuvutika. Wodwala woganiza bwino ali ndi ufulu wouzidwa zoona za matenda ake, ndiponso wokana opaleshoni kapena makina osamuchiritsa. Kupha munthu ndi kumulola kumwalira mwamtendere ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ife amene timakhulupirira kuti imfa ndi tulo, ndipo akufa mwa Khristu adzauka (1 Atesalonika 4:13-18), tilibe chifukwa choithamangira imfa kapena choigwirira pakhosi.

Yankho la ku Salima

Kukana kokha sikukwanira. Munthu akubuula ndi ululu sitingangomuwerengera lamulo n'kuchokapo. Kuno ku Salima tili ndi chitsanzo pafupi. Mayi Lucy Finch, namwino wa ku Malawi, akudwazika mchemwali wawo m'chipatala, anamva mnyamata wina msilikali akulira ndi ululu mpaka kumwalira, wopanda mankhwala omuthandiza. Kulira kumeneko sikunawachoke m'makutu. Mu 2007 anatsegula malo a Ndi Moyo, osamalira odwala matenda osachiritsika, ndipo mu 2016 BBC inawaika pa mndandanda wa amayi 100 odziwika a chakacho.

Chisamaliro chotere sichilonjeza machiritso. Chimapereka morphine wamadzi pa mlingo woyenera ndi pa nthawi yake kuti ululu usabwerere, chimatsuka mabala, chimaphunzitsa odwazika, ndipo chimamvetsera nkhawa za wodwala: ana atsala ndi yani, sukulu adzalipira ndani, kodi Mulungu wandisiya? Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, amene fungo linawatsekera m'nyumba, amabwereranso pakhonde kukacheza ndi anzawo. Nthawi zambiri ululu ukachepa, mawu aja akuti "bola ndipite" amachepanso.

Choncho wodwala akati watopa, tisamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Tikhale pansi, timufunse chomwe chamutopetsa, ndipo tifunefune thandizo la kuchipatala msanga. Yesu anati kuchezera wodwala ndi kuchezera Iye mwini (Mateyu 25:36, 40).

Mafunso okambirana

1. Kodi kusiya chithandizo kumasiyana bwanji ndi kupha?
2. N'chifukwa chiyani odwala ena amadziona ngati mtolo, ndipo mawu athu amathandizira bwanji maganizo amenewa?
3. Ndani akudwala pafupi nafe amene tingamuyendere Sabata lino masana, titanyamula sopo ndi ufa wa phala?