Musanalipire fizi ya mastazi ya zamakompyuta ku Lusaka

Yambani ndi mapepala amene muli nawo kale. Mayunivesite amafuna digiri yoyamba ya Computer Science, Information Technology kapena ina yoyandikana nazo, monga ya masamu kapena ya uinjiniya wa zamagetsi, ndipo amayang'ananso mmene munakhozera. Ku University of Zambia (UNZA) digiri imatuluka ndi Distinction, Merit, Credit kapena Pass, ndipo amene ali ndi Credit kupita m'mwamba ndiye amalowa mosavuta. Ngati yanu ndi Pass musataye mtima. Funsani ngati zaka zimene mwagwira ntchito zingawerengedwe, kapena muyambe ndi postgraduate diploma. Konzaninso satifiketi ya Giredi 12, transcript, ndi makalata a anthu okuchitirani umboni. Amene digiri yawo anaitenga kunja, kaya ku Malawi, ku India kapena ku China, aipereke msanga ku Zambia Qualifications Authority kuti iunikidwe, chifukwa kudikira yankho kungakudutsitseni tsiku lotsekera mafomu.

Mukatero onani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. Higher Education Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndiyo imalembetsa mayunivesite omwe si aboma ndi kuvomereza maphunziro awo. Apa ambiri amapusitsika: sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu imene mukufunayo isanavomerezedwe. Fufuzani dzina la pulogalamu yeniyeniyo musanatulutse ngakhale ngwee imodzi.

Tsopano kusankha kophunzira. Ku UNZA, yomwe inatsegulidwa mu 1966 ndipo ili pa Great East Road, kuli mastazi ya Computer Science, komanso School of Engineering ili ndi mastazi a ICT, kuphatikizapo ya chitetezo cha makompyuta. ZCAS University ili pa Dedan Kimathi Road, pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity, ndipo inazolowera kuphunzitsa anthu apantchito. Amene angathe kutuluka mu Lusaka aganizirenso Copperbelt University ku Kitwe. Palinso yophunzira pa intaneti yokha, monga mastazi ya Computer Science imene Georgia Tech ya ku America inayamba mu 2014, koma fizi yake ndi ya madola ndipo masamu ake si amasewera.

Mtunda musaupeputse. Wa ku Chelstone minibasi imamusiya pageti pa UNZA. Wa ku Kabwata kapena Woodlands kawirikawiri amayamba walowa m'tauni n'kukwera ina, nthawi imene msewu wadzaza ndi anthu oweruka kuntchito. Yesani ulendowo tsiku limodzi madzulo musanalembetse, muone ngati mungaupirire kwa chaka chathunthu. Ndipo bwana wanu adziwe kuyambira pachiyambi, makamaka ngati ntchito yanu ndi yoitanidwa usiku seva ikagwa.

Chimene ndikufuna muganizire kwambiri ndi kafukufuku. Mastazi ambiri amatenga zaka 2 kwa wophunzira tsiku lonse: chaka choyamba makosi ndi mayeso, chachiwiri dissertation. Chaka choyamba chimayenda chokha, chifukwa pali ndandanda, anzanu ndi tsiku la mayeso. Chachiwiri palibe amene amakuitanani m'kalasi, ndipo m'pamene anthu anzeru ndithu amasowa, zaka n'kumapita, fizi n'kumalipidwa. Zimandiwawa kuona munthu amene anakhoza makosi onse atakhala wopanda digiri chifukwa cha mitu isanu yosalembedwa.

Choncho musanalembetse, pitani kudipatimenti mukafunse aphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku, zimene aliyense amafufuza, ndi kuchuluka kwa ophunzira amene ali nawo kale. Werengani zimene analemba. Ngati mtima wanu uli pa machine learning koma pasukulupo palibe amene amazichita, mudzavutika nokha. Mutu wa kafukufuku ukhale waung'ono ndiponso wa deta imene mungaipezedi. Kufufuza zachinyengo za pa mobile money kumamveka bwino, koma kampani iti idzakupatsani mbiri ya makasitomala ake? Data Protection Act ya 2021 imateteza zinsinsi za anthu, ndipo kafukufuku wokhudza anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku. Ngakhale deta ya kuntchito kwanu imafuna chilolezo cholembedwa. Pemphani zilolezozi chaka choyamba chisanathe.

Kumbukiraninso 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Laputopu ya batire lolimba, kasola kakang'ono, ndi kusunga ntchito yanu malo awiri ziwerengedwe pamodzi ndi fizi.

Pa za ndalama, ngongole za Higher Education Loans and Scholarships Board zimathandiza makamaka a digiri yoyamba, ndiye ambiri a mastazi amadzilipirira kapena kupempha kuntchito. Funsani mtengo wa zaka zonse, ndi zimene mudzalipire ngati kafukufuku wapitirira nthawi. Ofuna kukaphunzira kunja ayese Beit Trust, yomwe imathandiza anthu a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, kapena thandizo la maphunziro la Commonwealth ndi Chevening. Chevening imafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka 2.

Mastazi sichotsa udindo wolembetsa ku ICTAZ, bungwe limene lamulo la 2018 linalipatsa mphamvu zolembetsa ogwira ntchito za ICT m'Zambia. Ngati simunalembetse, tengerani mwayi pomwe mukusindikiza mapepala a kuyunivesite, muchitiretu zonse pamodzi.