Milatho Yamoyo ndi Zodabwitsa Zina za ku India

India ndi dziko lalikulu kwambiri la ku Asia. Kukula kwake kumaposa kwa Malawi ka 27, ndipo anthu ake ndi oposa 1.4 biliyoni. M'chaka cha 2023 India anapitirira China, nakhala dziko la anthu ambiri koposa pa dziko lonse lapansi. Anthuwa sayankhula chiyankhulo chimodzi ayi. Ziyankhulo 22 n'zolembedwa m'malamulo a dzikolo, koma zilipo zinanso mazanamazana. Kumpoto kuli mapiri ataliatali a Himalaya, kumadzulo kuli chipululu cha Thar, pamene kummwera dzikolo lazingidwa ndi nyanja ya mchere.

Alendo ambiri akafika ku India amathamangira ku mzinda wa Agra kukaona Taj Mahal, chinyumba cha miyala yoyera chimene mfumu Shah Jahan inayamba kumangitsa m'chaka cha 1632 pokumbukira mkazi wake. Chinyumbacho n'chokongola ndithu, koma mlendo woona chokhacho n'kubwerera kwawo ali ngati munthu amene walawa msuzi, ndiwo osazikhudza. Zodabwitsa zina zili kutali ndi misewu ikuluikulu, m'midzi ya anthu wamba.

M'chigawo cha Rajasthan mvula ndi yosowa. Pamudzi wa Abhaneri pali chitsime chotchedwa Chand Baori, chimene chinakumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. Pachitsimechi anthu sanali kutunga madzi ndi chingwe ayi, koma anali kutsika ndi miyendo yawo mpaka kuwapeza. M'mbali zake zitatu muli makwerero amiyala okwana 3,500, oyalidwa m'nsanjika 13 zoloza pansi. Madzi akachuluka, wotunga anali kutsika pang'ono. Akaphwera m'chilimwe, anali kutsika mpaka pansi penipeni. Pansipo ndi pozizira, choncho masiku otentha anthu anali kupita kukapumulako.

M'chigawo chomwecho, pa Deshnoke, pafupi ndi mzinda wa Bikaner, pali kachisi wa Karni Mata. M'kachisi ameneyu mumakhala makoswe pafupifupi 20,000, ndipo palibe amene amawatchera msampha. Opembedza kumeneko amakhulupirira kuti makoswewo ndi abale awo amene anamwalira, ndipo kuti adzabadwanso ngati anthu. N'chifukwa chake amawapatsa mkaka m'mbale zikuluzikulu, ndi mbewu zosiyanasiyana. Aliyense wolowa amavula nsapato nayenda mosamala, makoswe akumudutsa m'mapazi. Woona khoswe woyera amati wachita mwayi, ndipo wopha khoswe mwangozi amayenera kupereka khoswe wosulidwa ndi siliva kapena golide. Mwana amene wazolowera kuona makoswe akuboola nkhokwe angafune kuseka, koma mlendo wamakhalidwe saseka zimene eni mudzi amazilemekeza.

Kumpoto chakum'mawa kwa India kuli chigawo chamapiri chotchedwa Meghalaya. Dzinali limatanthauza kwawo kwa mitambo, ndipo n'loyenera. Kuyambira mwezi wa June mpaka September mphepo yachinyezi imachokera kunyanja, nidutsa m'dziko lachidikha la Bangladesh, kenaka n'kugunda mapiriwo. Pokwera mapiri mphepoyo imazizira, ndipo madzi onse amene yasenza amakhuthukira pomwepo. Pamudzi wa Mawsynram pamagwa mvula yoposa mamilimita 11,000 pa chaka. Imeneyi ndi mvula imene ku Lilongwe ingagwe pa zaka zoposa 10.

M'mapiri amenewa mumakhala mtundu wa anthu otchedwa Khasi. Midzi yawo ina ili m'zigwa zakuya, ndipo minda ndi misika zili kutsidya kwa mitsinje yaliwiro. Mvula ikayamba, kamtsinje kamene dzulo mwana anali kuwoloka podumpha miyala kamasanduka chimadzi cholusa. Ulalo wamitengo kapena wansungwi sukhalitsa kumeneko, pakuti umawola ndi chinyezi kapena kukokoloka. Ngakhale chitsulo chimachita dzimbiri. Tsono makolo a anthuwa anapeza nzeru yakuti mlatho asamaumange ndi mtengo wodula, koma aziulera ndi mtengo wamoyo.

Mtengo umene amagwiritsa ntchito ndi mbale wake wa kachere ndi mkuyu, ndipo akatswiri a zomera amautcha Ficus elastica. Monga kachere, mtengowu umatulutsa mizu kuchokera ku thunthu ndi ku nthambi, ndipo mizuyo imalendewera m'malere kufuna nthaka. Munthu wofuna mlatho amayamba wabzala mtengo m'mphepete mwa mtsinje, naudikira kuti ukule. Mizu yanthete ikatuluka, amaikoka naiyalika pa nsungwi zimene wapingasa pamtsinjepo. Ena amailowetsa m'thunthu logoba la mtengo wina wonga kanjedza, kuti isapse ndi dzuwa ndiponso isasokere njira. Mizu ikafika kutsidya amaikwirira m'nthaka, ndipo imagwira.

Ntchito sithera pomwepo. Chaka ndi chaka anthu amabwera kudzapota ndi kuluka mizu yatsopano, ina pansi popondapo, ina m'mbali kuti ikhale pogwira. Mizu iwiri ya mtengo umenewu ikapanikizana kwa nthawi yaitali imalumikizana n'kukhala muzu umodzi wonenepa, ndipo m'menemo ndi mmene muli mphamvu ya mlathowo. M'mipata yotsala amaikamo miyala yaphanthiphanthi kuti phazi lisalowe. Nsungwi zija zimawola n'kugwa, koma pofika nthawi imeneyo mizu imakhala itayamba kudziimira payokha.

Kuti mlatho ufike posenza anthu pamapita zaka 15, mwina 30 ngati mtsinje ndi waukulu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa anthu amenewa n'kwa mtundu wina, pakuti nkhalamba imene yabzala mtengo imadziwa kuti mwina sidzapondapo pa mlathowo. Odzawoloka ndi adzukulu ake. Mlatho wasimenti umayamba kukalamba tsiku lomwe wamalizidwa, pamene wamizu umankira kulimba malinga mtengo uli moyo, ndipo ilipo ina imene yakhala zaka mazana angapo. Wautali kwambiri uli pafupi ndi tauni ya Pynursla, ndipo umapitirira mamita 50.

Mlatho wotchuka koposa uli pamudzi wa Nongriat. Kumeneko kuli milatho iwiri yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, pamtsinje wa Umshiang. Galimoto silifikako. Mlendo amalisiya pamudzi wa Tyrna natsika makwerero pafupifupi 3,000, ndipo pobwerera ayenera kuwakweranso onsewo. Ambiri amafika pamwamba miyendo ikunjenjemera, pamene eni mudzi amawapitirira atasenza katundu kumsana.

Mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Kasungu akacheza ndi anthu a mtundu wa Khasi angadabwe kupeza mwambo wofanana ndi wakwawo. Ana amatenga mfunda wa mayi wawo, ndipo mwamuna akakwatira kawirikawiri amakakhala kwa mkazi, monga mkamwini. Mtsibweni ali ndi mawu aakulu pa nkhani za ana a mlongo wake. Chosiyana n'chakuti nyumba ndi chuma cha makolo zimasiyidwa m'manja mwa mwana wamkazi womaliza, amenenso amasamala makolowo akakalamba. Polonjera mlendo amamupatsa kwai, kamtedza kokulunga m'tsamba kamene kamafiiritsa m'kamwa akakatafuna.

Pamudzi wina wotchedwa Kongthong pali mwambo wosowa. Mwana akabadwa, mayi wake amamupekera kanyimbo kopanda mawu, ndipo kanyimboko kamakhala dzina lake lachiwiri kwa moyo wake wonse. Pomuitana kumunda kapena kutsidya kwa chigwa, satchula dzina lolembedwa ayi, koma amaimba kanyimbo kake, iye n'kuyankha.

Kale milatho yamizu inali yodziwika kwa eni ake okha ndi alendo owerengeka, ngakhale kuti Henry Yule wa ku Britain analemba za iyo m'chaka cha 1844. Masiku ano zithunzi zake zafala pa intaneti, ndipo alendo akubwera ochuluka. Iwo amabweretsa ndalama m'midzi, pakuti amalipira polowa, amagula chakudya, nalembanso anyamata owaperekeza. Koma mlatho umene unaleredwa kuti pazidutsa anthu a mudzi umodzi umavutika anthu ambiri akaunjikana pakati pake kuti ajambulidwe. Nsapato zimasenda khungwa la mizu, ndipo simenti imene ena amathira pafupi ndi mtengo pokonza njira imalepheretsa mizu kukula bwino. Vuto lina n'lakuti achinyamata ambiri amapita kutauni asanaphunzire kuluka mizu, ndipo mlatho wosasamalidwa umafooka. Pofuna kuiteteza, midzi ina inaika malamulo oletsa anthu ambiri kukwera pa mlatho nthawi imodzi. M'chaka cha 2022 milathoyi inalembedwa pa mndandanda woyembekezera wa bungwe la UNESCO, limene limazindikira malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse lapansi.

Mawu ofunika kuwadziwa

ulalo: mitengo kapena nsungwi zopingasa pamtsinje kuti anthu aziwolokerapo
chidikha: malo athyathyathya, opanda mapiri
kuphwera: kuchepa kwa madzi m'chitsime kapena mumtsinje
kugoba: kusema mkati mwa mtengo kuti mukhale mphako
kupeka: kupanga nyimbo kapena nkhani yatsopano

Mafunso

1. Kodi chitsime cha Chand Baori chimasiyana bwanji ndi zitsime za kwanu?
2. N'chifukwa chiyani anthu a ku Deshnoke sapha makoswe a m'kachisi?
3. Fotokozani chimene chimachititsa kuti ku Meghalaya kuzigwa mvula yambiri.
4. Longosolani mwatsatanetsatane mmene mlatho wamizu umaleredwera, kuyambira pobzala mtengo.
5. Tchulani miyambo iwiri ya anthu a mtundu wa Khasi imene ikufanana ndi ya Achewa.
6. Kodi alendo amabweretsa zabwino zotani ndi zovuta zotani ku midzi ya milathoyi?

Ntchito

(a) Pezani India pa mapu a dziko lapansi, ndipo muloze Rajasthan ndi Meghalaya.
(b) Pangani ziganizo pogwiritsa ntchito mawu awa: kupingasa, kulendewera, kusanjikizana, kuunjikana.
(c) Kaoneni mtengo wa kachere umene uli pafupi ndi sukulu yanu, ndipo mujambule mizu yake yolendewera.
(d) Lembani ndime ziwiri zofotokoza malo kapena mwambo wa kwanu umene mlendo wochokera kutali angadabwe nawo.